Simenti mumsana wa a Levulo

Apongozi anga aamuna ndi mmisiri womanga nyumba. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi ochepa, aliyense amangoti a Levulo, chifukwa levulo, kachipangizo koonera ngati khoma lawongoka, sikachoka m'thumba la ovolosi yawo. Tsiku loyamba kubwera kwathu, ine ndi mwana wawo titangokwatirana, asanakhale n'komwe pansi anakaika pa shelefu imene ndinakhoma ndekha n'kupukusa mutu. Pochoka anaisiya ataikhomanso.

Amanga nyumba kwa zaka zoposa makumi anayi. Ndinawaonapo akugumula khoma lawo lomwe, mwini nyumba akuwachonderera kuti alisiye poti kukhotako sikukuoneka. Iwo anangoti, "Inu simukukuona, koma ine ndizikuona nthawi zonse ndikamadutsa pano."

Chaka chimene anakwanitsa zaka 67 ankamanga nyumba ya aphunzitsi ena achikulire amasiye. M'mawa wina anawerama kuti anyamule felemu ya chitseko, katundu amene anamunyamulapo kambirimbiri, ndipo anamva kumsana ngati kamtengo kouma kathyoka. Anakhala pansi pomwepo, thukuta lili kamukamu. Anzawo awiri amene amagwira nawo ntchito anawauza kuti ndi mtsempha chabe.

Apongoziwo anabisa ululuwo kwa milungu itatu. Kuntchito anagoneka chitseko chakale panjerwa, n'kumagona pamenepo chagada akulamula ntchito ndi pakamwa. Kunyumba ankanamizira kutopa. Koma amayi, akazi awo, anaona kuti bambowo asiya kumanga zingwe za nsapato, akatsokomola akugwira khoma, ndiponso thalauza limene ankavala bwinobwino layamba kukwekwereza pansi.

"Apongozi, bwerani ndi galimoto," amayiwo anandiuza pafoni. "Bambo anuwa akufupika ine ndikuona."

Panjira bambo sanadandaule, koma tikagunda kadzenje ndinkamva mano awo akukukuta. Kuchipatala anawajambula kawiri, kenako tinalowa kwa adokotala, mayi wamfupi wovala magalasi. Anatisonyeza chithunzi n'kunena kuti msana ndi mafupa osanjikizana, ndipo awiri mwa mafupawo aphwanyika n'kutitimira. Mafupa a bambowo anali atafooka kale, mwina chifukwa cha mapiritsi a mphumu amene anamwa kwa zaka zambiri.

Anayamba kaye ndi mankhwala ndi lamba wa kumsana, koma ululu sunatsike. Titabwereranso, bambo ndiwo anayamba kulankhula. "Zong'amba msana ayi, mayi. Mnzanga anamung'amba, mpaka lero amayenda ndi ndodo ziwiri."

"Sitikung'ambani," anatero adokotala. "Tilowetsa singano yokulirapo m'fupa lophwanyikalo tikuyang'ana pa makina, n'kuthiramo simenti ya mafupa kuti fupalo lisamagwedezeke."

Bambo anadzutsa mutu. "Simenti? Mchenga wake mumathira wochuluka bwanji?"

Adokotala anaseka. "Iyi sifuna mchenga, bambo. Imalimba m'mphindi zochepa."

"Simenti yothamanga kuuma ine sindiikhulupirira. Nanga ikatayikira pambali?"

Adokotala anasiya kuseka. Anavomera kuti zimenezo zimachitika, ndipo ikafika pamitsempha ingabweretse vuto, n'chifukwa chake amathira pang'onopang'ono maso ali pa makina. Anatinso si onse amene ululu umawathera. Bambo anatembenukira kwa akazi awo. "Amayi, mmisiri amene amavomera kuti ntchito ingalakwike, ameneyo mpatseni nyumba amange."

Tsiku lake litafika, analowa m'chipinda cha opaleshoni cha m'ma naini m'mawa. Anawagoneka chafufumimba n'kuwabaya mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo ola lisanathe anali atatuluka, kumsana kuli timapulasitala tiwiri tating'ono. Anawauza kuti agone osadzuka kwa maola awiri. Masana nesi anawagwira mkono kuti aimirire. Anatsitsa miyendo mwamantha, nkhope atakwinyiratu kudikira ululu uja. Anaima. Anakoka mpweya wautali, n'kuyenda mpaka pazenera. Atafika apo anatifulatira nthawi ndithu, ndipo amayi anandikodola kuti tiwasiye kaye.

Kunyumba tinabwerera mawa lake. Sindinganame kuti zonse zinathera pomwepo. Ululu wobaya uja unachoka, koma thupi linali litafooka, ndipo akakhala nthawi yaitali msana unkalemera. Anawapatsa mankhwala olimbitsa mafupa ndi pepala la masewera olimbitsa thupi, n'kuwaletsa kunyamula zolemera. Pepalalo analikhoma kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo m'mawa uliwonse ankachita zonse zolembedwapo osadumpha, zidzukulu zikuwaseka kuti agogo akusambira pamphasa.

Chimene chinawavuta kwambiri ndi kuona thumba la simenti lili pansi n'kudikira wina alinyamule. Tsiku lina ndinawapeza ataima pafupi ndi ndowa yamadzi, manja ali kumbuyo, akuitana amayi. Munthu amene kale sankalola ngakhale kuwanyamulira chikwama. Amayi atabwera, bambo anati, "Ndinakulakwirani pokubisirani. Chikhala kuti ndinanena msanga, bwenzi simunavutike chonchi."

"Mwanena bwino," amayi anayankha akunyamula ndowayo. "Koma mubwerezenso ana onse alipo."

Patatha miyezi iwiri anabwerera kunyumba ya aphunzitsi ija. Anakhoma kabenchi kofika m'chiuno kuti njerwa ndi matope azizipeza osawerama, ndipo zonyamula zonse anasiyira anzawo. Nyumbayo inachedwa ndi mwezi umodzi. Aphunzitsiwo akukhalamo, ndipo m'bafa mwawo muli chitsulo chogwirira chimene sanapemphe. Bambo amati munthu wamkulu akaterereka kamodzi, msana supepesa. Zitsulo zoterozo aika kale m'nyumba zisanu za okalamba a mumsewu mwawo.

Kenako anatembenukira kwa achemwali awo aakulu, amene anayamba kupindika msana kalekale, tonse n'kumati ndi ukalamba. Anawanyengerera kwa mwezi wathunthu mpaka analola kukayezetsa. Ndine ndinawatenga pa galimoto, bambo akuwaperekeza. Anawapeza kuti nawonso mafupa ndi ofooka, ngakhale kuti za singano sizinafunike, ndipo anawayambitsa mankhwala.

Pobwerera azakhaliwo anakhala kumbuyo akung'ung'udza. "Iwe ndinakubereka kumsana kunoku uli ndi mamina, lero ndiwe dokotala wanga?"

"Mwina ndine ndinayamba kuupinda, achemwali," bambo anatero. "Lolemba m'mawa ndibwera kudzaona ngati mwamwa mankhwala."

Lolemba anapitadi, wapansi, atakana kuti ndiwaperekeze pa galimoto.