Mwana wa m'chifuwa mwa chimphona

Fungo la petulo wa jenereta limandiliza, ndipo amuna anga sadziwa. Sadziwanso chifukwa chimene ndinamulanda foni mwana wathu Takondwa sabata yatha. Sindinauzepo munthu.

Chilimwe chimene ndinali sitandade faifi, achimwene anga a Yohane ankanditenga pa njinga kukagayitsa ku Lirangwe. Podikira mzere wa kuchigayo tinkazembera m'vidiyo ya a Bwanali, kachisakasa ka masaka kuseri kwa msika. Mkatimo munkanunkha thukuta, petulo wa jenereta ndi makoko a mango. Nsikidzi za m'mabenchi zinkaluma, koma sitinkasuntha.

Panja panali bolodi logawidwa ndi choko: za nkhondo, za karate, za ku Nijeriya, za zidole. Chaka chimenecho a Bwanali anapeza disiki ya makatuni a zimphona zachitsulo, zazitali kuposa nsanja ya netiweki, ndipo anasowa poilemba. Atailemba pa nkhondo, anyamata a kabaza anakuwa, "Zidole izi, madala! Tikuoneka ngati a kumkaka ife?" Atailemba pa zidole, ana anatuluka akulira, poti anthu ankafamo osadzukanso. Amayi a kumpingo kwathu sanaione n'komwe, koma anagamula kuti ndi zausatana.

Ine ndinkangokonda chiphokoso chake ndi moto wotuluka m'manja mwa zimphonazo. Achimwene ankaonera osaphethira. Tsiku lina tikubwerera, ufa uli kumbuyo, ndege ikutsikira ku Chileka, ndinawafunsa kuti nanga filimuyo ndi yamtundu wanji.

"Sunaone? M'chifuwa mwa chimphonacho muli mwana," anatero. "Akulira, koma akuluakulu akumuuza pa wailesi kuti pita. Mtundu umenewo pa bolodi paja palibe."

Ndinaseka mpaka njinga inagwedera. Mwana woyendetsa chitsulo chachikulu choncho angalirirenji?

A Bwanali atatopa n'kufufuta bolodi anasiya kuionetsa. Disikiyo tinadzaiona ikunyezimira kumbuyo kwa njinga ya kabaza, itamangidwa ndi waya.

Mvula isanagwe chimanga chinatithera. Bambo ndi amalume anakhala pansi, nagwirizana kuti achimwene asiye fomu thu apite ku Joni. Anawaveka jekete la bambo, manja ake otalika mpaka kubisa zala. Pa siteji achimwene anakweza dzanja, ndipo ndinangoona nsalu ikugwedezeka. Miyezi yoyamba ankaimba foni, bambo n'kumawauza kuti, "Limba mtima, ndiwe mwamuna." Kenako foni inasiya kulira. Mpaka lero sitidziwa ngati tilire maliro kapena tidikire.

Ndiye sabata yathayi ndinapeza Takondwa akuonera zimphona zomwezo pa foni ya bambo ake. Ataona nkhope yanga, bambo akewo anangoseka, "Msiye, n'zidole izo." Koma mwana anandikoka chitenje, maso ali gwaa.

"Mami, mkatimu muli mwana! Inenso ndidzalowamo."

Ndinalanda foniyo. Analira mpaka kugona, ndipo ndinalephera kumufotokozera, ine wa satifiketi yakukoleji.

Ndili mwana ndinkaona chimphona, ndipo ndinkasirira woyendetsa. Pano ndimangoona jekete lija. Ndikudziwa kuti si filimu inatengera achimwene ku Joni. Mwina ndi yokhayo inawauza zoona. Nanga ndamuteteza mwanayu, kapena ndangomubisira chimene chikumudikira? Ndiuzeni anzanga, ndinachita bwino?