Magetsi Anabwera Masana ku Mtendere

Ku Mtendere, komboni ya anthu wamba mu Lusaka, mukafunsa za Mainess Mbewe anthu amayamba akanda kumutu, koma mukati amake Tiwo aliyense akulozerani njira. Ndi mayi wamfupi wa ku Katete, amene anabwera ku Lusaka ali mtsikana n'kugwira ntchito ya m'nyumba kumayadi a ku Kabulonga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumeneko anaphunzira kusita makolala, kuphika ndiwo zosalawika mchere, ndi kuopa gasi. Abwana ake aakazi anali munthu wonena chinthu chimodzi kakhumi, moti malamulo a gasi anamulowa Mainess ngati katekisimu: ukamva fungo usayatse machesi, tseka silinda, tsegula mawindo, ndipo usakhudze chilichonse cha magetsi. Posamuka, abwanawo anamusiyira sitovu ya gasi ya mbale ziwiri ndi silinda yake.

Amuna ake, a Rodgers, anali mmisiri womanga nyumba, chimunthu chathupi chimene chinkanyamula thumba la simenti chikuimba mluzu. Sitiroko inawagwetsa ali pantchito. Mbali yakumanja inafa, kamwa linakhota, mawu n'kutheratu. Tiwo, mwana wawo yekhayo, anali atakwatiwa kutali ku Solwezi, choncho zonse zinagwera Mainess. Zaka zinayi ankawatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, kuwasambitsa, kuwakhazika tsonga ndi kuwamwetsa phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, supuni ikulowera kumanzere kwa kamwa. Atagwa pabedi kawiri, anawatsitsira matiresi pansi. Sankadandaula pagulu. Wina akamumvera chisoni ankangoti, "Bakali kupuma, ndiye nchito yanga."

Kenaka chinafika chaka cha 2024. Mvula inakana, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo magetsi anasanduka mlendo wosalonjeza: maola atatu patsiku, pa nthawi imene afuna okha. Utsi wa pambaula unkawatsokomoletsa a Rodgers mpaka kutuluka misozi, ndiye Mainess anapukuta fumbi sitovu ya abwana ija. Koma nyemba sungaphikire pa gasi, silinda ingathe sabata isanathe. Za nyemba anali ndi kasitovu ka waya wopota woikidwa pa njerwa, kopanda pulagi, mawaya ake awiri ongolowetsa m'soketi. Kankathetheka nthawi zonse magetsi akamalowa, koma ndani m'komboni amene analibe kotero? Ndipo ndani ankazimitsa swichi? Aliyense ankasiya zonse zili zoyatsa, kuti magetsi akabwera mwini nyumba kulibe, apeze ntchito ikuwadikira.

Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Mainess anateleka nyemba pa kasitovu kozizirako, anawatembenuza amuna ake, n'kukhoma chitseko kupita ku kiliniki kukawatengera mankhwala. Mzere unali wautali. Anabwerako cha m'ma 2 koloko, ndipo asanamasule loko mphuno inali itamuuza kale. Fungo lija ngati la kabichi wowola linkatulukira pansi pa chitseko.

Mutu sunamusokonekere. Anatsegula chitseko n'kuchisiya pululu, anafika pa silinda n'kutseka. Paipi ya labala inali itadyedwa ndi makoswe kuseri kwa kabati. Mawindo ndiwo analibe chowachitira. La chipinda chodyera a Rodgers analitseka okha ndi njerwa chaka chimene akuba anavuta, ndipo lakuchipinda linali kabowo kongokwanira mphaka. Mainess ankadziwanso chinthu china, kuti gasi sakwera m'mwamba ngati utsi, amatsika n'kudikha pansi ngati madzi. Ndipo pansipo ndi pamene panali amuna ake.

Anawapeza maso ali gwa, malovu akutsika, chifuwa chikukwera movutikira.

"Batate bake Tiwo, ndine. Osayopa, tichoka manje manje."

Anakoka matiresi, koma sanasunthe ngakhale pang'ono. Matenda anali atawadya a Rodgers mnofu, mafupa a mmisiri anawasiyira. Mainess anathamangira panja. Tsidya la msewu a Clive owotcherera zitsulo anali khale pa benchi, kudikira magetsi monga mwa masiku onse, ndudu ili pakamwa.

"Ba Clive! Tamangani kuno! Tayani fodya uko kutali!"

"Ni chani, bamake Tiwo?"

"Gasi yazula mu nyumba. Badala bali mukati, nekha siningakwanise."

A Clive anaponda nduduyo ndi nsapato n'kulowa atatseka mphuno ndi malaya. Podutsa m'chipinda chodyera, diso lawo la mmisiri linagwera pa mawaya awiri aja ali m'soketi, ndipo anatambasula dzanja.

"Lekani nichose mawaya aya."

"Osagwila!" Mainess anakuwa. "Osagwila vamalaiti, muzatipaya!"

A Clive anabweza dzanja. Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa ine. Lamulo linali labwino, ndipo Mainess analisunga mokhulupirika. Koma linali lamulo la kumayadi, kumene magetsi amakhalapo ndipo swichi imakhala yozimitsa mpaka munthu ataikhudza. Muno zinali zotembenuka. Mawaya anali ozizira, mwana akanatha kuwazula osamva kanthu, ndipo choopsa chinali kuwasiya momwemo. Palibe amene anamuphunzitsapo zimenezo, chifukwa omuphunzitsawo sanagonepo m'komboni.

Anagwirizana kuti a Clive akoke matiresi kumutu, Mainess akankhe kumiyendo. Khomo lakuchipinda linali lopapatiza, anachita kupinda matiresi ndi munthu yemwe. Anadutsa. Anakwakwaza pa simenti ya chipinda chodyera, kudutsa kabati, kudutsa mphika wa nyemba. Mutu wa a Rodgers unatuluka padzuwa, mapewa n'kutsatira.

Ndiye kuchokera kumunsi cha kumsika kunamveka mfuu imene Mtendere yense ankaidikira tsiku lililonse, ikudumpha nyumba ndi nyumba kukwera mtunda.

"Yabwela! Malaiti yabwela!"

Mainess anatembenuka kuyang'ana soketi ija, ndipo anamvetsa zonse nthawi imodzi. Sanathawe. Anaweramira pansi n'kukankha ndi mphamvu zake zonse.

Oyandikana nawo amati kunangomveka kuti phuu, malata n'kudumpha, moto wabuluu n'kuyenda pansi kutulukira pakhomo. A Clive anagwa chagada mumsewu, matiresi ali m'manja. Bulangete la kumiyendo kwa a Rodgers linali litagwira moto, ndipo Mainess, chitenje chake chikuyaka, anatuluka chokwawa n'kuyamba kulithimitsa ndi manja. Analimenya, kulifinya, kulikanda mpaka linazima. Anthu pofika ndi zidebe za madzi ndi mchenga, a Rodgers analibe ngakhale thuza limodzi. Manja a Mainess ndiwo sankayang'anika.

Iye anamugoneka kuchipatala. A Rodgers anatengedwa ndi mlongo wawo, a Deborah a ku Chawama, mayi wamtima wabwino koma wogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lililonse Mainess ankapempha wodwala mnzake amugwirire foni kukhutu.

"Mulamu, mwabapindamula? Osabapasa vakudya bali gone. Mubankalike bwino, polichi ikale yamanzi, kumanzele kwa kamwa. Osafulumila."

"Nayesa, mulamu," ankayankha a Deborah. "Koma bakana. Bangoyangana kuchiseko."

Palibe amene angawanene a Deborah. Zimene manja aphunzira zaka zinayi sungaziphunzitse pa foni. Phala linalowera njira yolakwika, chifuwa chinadzaza, chibayo n'kubwera. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi chichitikire ngoziyo, a Rodgers Mbewe, amene anatuluka m'moto opanda bala, anamwalira pa mphasa ya mlongo wawo.

Madokotala anamulola Mainess kutuluka maola ochepa kuti akaike maliro. Anafika kumanda manja onse awiri atakulungidwa nsalu zoyera mpaka m'zigongono, Tiwo atamugwira m'chiuno. Abusa ataitana wamasiye kuti aponye dothi loyamba, wokumba manda anamutambasulira fosholo monga mwa mwambo. Mainess anayang'ana dothilo, n'kuyang'ana manja ake. Tiwo anafuna kumutapira, koma iye anapukusa mutu. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, anaweramira pa mulu wa dothi lofiira, n'kulikankha ndi chigongono mpaka linagwera pa bokosi.

"Nenze nabachosa," anauza anthu amene ankamudzutsa. "Imwe munaona. Nenze nabachosa bamoyo."