Dokotala Wabodza Analowa M'phunziro la Mdzukulu Wanga

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Okutobala chaka chatha, mu ofesi ya ahedi, wapampando wa komiti ya makolo ali pomwepo. Lina ndinalipereka sukulu itatsala pang'ono kutsekera Khirisimasi. Onsewa ndinalemba pamanja, kaboni ali pansi, ndipo makope ake ali m'sutikesi momwe ndimasungira mapepala anga. Palibe limene linayankhidwa. Lero akazi anga ali ndi mwendo umodzi, mdzukulu wanga wasiya sukulu, ndipo mbali ina ya mlanduwu ndi yanga. Inu owerenga, ndikulemba kuti zimene zinagwa pakhomo panga zisadzagwe panu.

Ndine bambo wachikulire, ndimakhala kufupi ndi Ligowe. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka zambiri, ndipo ndinapuma ndi khalidwe limodzi: sindikhulupirira chinthu chopanda chidindo. Pakhomo timakhala atatu, ine, akazi anga a Nangozo, ndi Takondwa, mwana wa malemu mwana wathu wamkazi. Takondwa anali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera. A Nangozo akhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali, koma ankamwa mapiritsi awo m'mawa ndi madzulo, tsiku lawo la kuchipatala osaphonya. Ankalima, ankasenza madengu a kachewere kuchokera kudimba, ndipo pa chitunda cha kutchalitchi ankandisiya m'mbuyo.

Chaka chatha bungwe lina linabweretsa matabuleti pasukulupo. Linatsegulanso tsamba la sukulu pa intaneti, pomwe ana amaonera mavidiyo a maphunziro, kaya pa tabuleti m'kalasi, kaya pa foni kunyumba. Ife a komiti tinaitanidwa kukaona. Pamwamba pa tsambalo panali baji ya sukulu, pansi pake dzina la mphunzitsi ndi mutu wa phunziro, ndipo pakati panali kawindo momwe vidiyo imaonekera. Atangodina kuti phunziro la masamu liyambe, m'kawindomo munabuka nyimbo yaphokoso ndi anyamata akuvina, akuitanira anthu kubetcha pa mpira. Ana anaseka, ena kumayimba nawo, kusonyeza kuti anali ataizolowera. Ine sindinaseke.

Ndinafunsa. Aphunzitsi ena anandifotokozera kuti mavidiyowo si a sukulu. Amakhala pa malo ena aakulu a pa intaneti, tsamba la sukulu limangowabwereka, ndiye amabwera ndi malonda awo ngati galu wa mlendo. Anatinso njira yoti aziseweredwa opanda malonda ilipo, koma kiyi wake ali ndi a bungwe ku tauni. Ndi zimenezi zimene ndinalemba m'dandaulo loyamba lija. Ahedi analandira ndi manja awiri, nati: “Achimwene, musadandaule, tiwatumizira. Koma mphatso sitiifunsa zambiri, angatilande.” Analiika m'dirowa.

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Nditapereka pepala ndinadziona ngati ndatha ntchito. Sindinamukhazike pansi Takondwa kumuuza kuti si zonse zotuluka m'kawindo kaja zimene zili za aphunzitsi. Ndinkati nkhani za komiti ndi za akuluakulu, sitikambirana ndi ana. Ndinkadziwa chinthu chimene chikanamuteteza, ndipo ndinachitsekera m'sutikesi.

Mu Januwale, mvula ili pakati, Takondwa anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili ngwee. Anati pa phunziro la bayoloje anaphunzira mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga, ndipo m'phunziro momwemo dokotala wanena za masamba a tiyi amene amachotseratu matendawa. Mwanayu amawakonda agogo ake. Ndi iye amene ankawawerengera mapiritsi, ndipo ankadziwa kuti amawapweteketsa m'mimba. Ine ndinamufunsa ngati wapolisi. Wazimva kwa ndani? Waziona pati? Anayankha kuti pa tsamba la sukulu. Ndinati andionetse ndione ndekha.

Tinakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba pomwe netiweki imagwira, ndi foni yanga. Baji ya sukulu inalipo. Dzina la aphunzitsi linalipo. Phunziro linayamba m'Chingerezi cha kunja, chothamanga, choti ngakhale ine ndinkangotola apa ndi apo. Litafika pakati, m'kawindo momwemo munaoneka bambo wa msinkhu wabwino, atavala chijasi choyera, chopimira odwala chili m'khosi. Panalibe nyimbo, panalibe kuvina. Ankayankhula Chichewa chathu, modekha, za shuga yemweyo amene phunziro linkakamba. Anati masambawo amatsuka magazi, koma asaphatikizidwe ndi mapiritsi a kuchipatala chifukwa zimalimbana. Kenako panabwera nambala ya foni, ndipo phunziro linapitirira.

Inu owerenga, ine amene ndinadandaula za malonda kawiri konse, sindinawazindikire atabwera atavala choyera. Ndinkaganiza kuti malonda ndi phokoso ndi mpira, ndipo amabwera koyambirira. Sindinkadziwa kuti makinawa amasankha malonda ofanana ndi nkhani imene munthu ukuonera. Anthu ena anadzandionetsa pambuyo pake kuti pangodya panali timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi tonena kuti awa ndi malonda. Maso anga sanatione, ndipo Takondwa sanauzidwepo kuti aziyang'ana pamenepo. Ndinaona baji ya sukulu pamwamba, ndinaitenga ngati chidindo. Nambala ija ndinaimba ndine.

Phukusi linabwera pa minibasi yochokera ku Blantyre, ndinakalitenga kwa kondakitala ku Boma. Linalibe adiresi ya wopanga. Risiti sanandipatse, ndipo ine amene ndimafunsa risiti ngakhale ya msomali, tsiku limenelo sindinafunse. A Nangozo anasiya mapiritsi, nayamba kumwa masambawo. Masiku oyambirira m'mimba munasiya kupweteka, ndipo ankauza anzawo a chigwirizano kuti mdzukulu wawo wawachiritsa. Tsiku lawo la kuchipatala litakwana anakana kupita. Anati akapita akawakalipira, komanso msewu unali matope okhaokha. Sindinawakakamize.

Kenako linabwera ludzu losatha. Anayamba kuonda, maso kuchita chidima. Ndinaimbira wogulitsa uja, anandiuza kuti ndi chizindikiro choti matenda akutuluka, tiwonjezere masamba. Tinawonjezera. Tsiku lina a Nangozo akupalira anaponda chitsa, chinawabaya pansi pa phazi. Kanali kabala kakang'ono, koti mwana amangopukuta n'kupitiriza kusewera. Sikanapole. Phazi linatupa, linada, m'nyumba munayamba fungo limene sindidzaliiwala. Pamene tinkawanyamula kupita kuchipatala anali asakutizindikira bwino.

Namwino amene anatilandira anatsegula kabuku kawo ka kuchipatala, anaona pamene anasiyira, nandifunsa: “Bambo, munthu wophunzira ngati inu, mwawasunga bwanji mayiwa kunyumba mpaka kufika apa?” Anatitumiza ku Boma, a ku Boma anayesetsa, kenako anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko anawadula mwendo wamanzere pansi pa bondo. Madokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi bokosi. Pepala lovomereza opaleshoni ndinasaina ndine, ndipo nalonso ndili nalo.

Titabwerera kumudzi, nkhani inali itafika kale kusukulu. Ahedi anabwera kudzazonda odwala atanyamula buledi ndi paketi ya shuga. Sindikunena kuti anachita dala, ndi mmene anthu amazondera, koma zinandionetsa kuti mpaka tsiku limenelo anali asanamvetse chimene chinachitika. Sabata yomweyo kusukulu kunabwera munthu wa bungwe lija pa njinga yamoto. Ndinapita kukaonerera. Anatsegula kompyuta yake, anadina mowerengeka, ndipo malonda anatha pa mavidiyo onse. Madzi amene anamuikira pamoto kuti amwe tiyi anali asanawire. Ndinamufunsa ngati madandaulo anga anawaona. Anati iye ndi wa zamakina chabe, za makalata ndikafunse ku ofesi.

Ndinafunsa. A ku ofesi anati mavidiyo si awo, ndi a kampani ya kunja. Ahedi akuti tsamba si lawo, ndi la bungwe. Nambala ya wogulitsa masamba sikupezekanso. Aliyense akuloza mnzake, pamene chimene chinkafunika chinali chala chimodzi, ndipo ndinachipempha miyezi ingapo mwendo usanapite. Kodi akanakhala ana awo amene akuonera kubetcha m'kalasi, pepala langa likanagona m'dirowa?

Koma chimene chikundidya kwambiri si mwendo. A Nangozo ndi munthu wolimba mtima, aphunzira kuyenda ndi ndodo, abwerera pa mapiritsi awo. Amene sakuchira ndi Takondwa. Anapita kusukulu masiku ochepa teremu itayamba. Anzake anayamba kumutchula kuti adokotala. Wina anamufunsa pagulu kuti, “Adokotala, mutu ukundipweteka, mundidula pati?” Anabwera kunyumba, anapinda yunifolomu, naiika pansi pa matiresi. Kuyambira pamenepo sanapondekonso. Amadzuka m'mamawa kuwasambitsa agogo ake, kuwatsuka chilonda, kutunga madzi, kulima gawo limene iwo ankalima. Sadandaula, saseka, ndipo foni safuna kuikhudza.

Agogo ake amamuuza: “Iwe Tako, mwendowu unali wanga, kapu ndinkanyamula ndekha. Pita kusukulu, usandiyang'anire ngati ndine mbuzi yodwala.” Iye amangoyankha kuti, “Agogo, ndinabweretsa ndine.” Ndamuuza kangapo kuti wolakwa ndine, kuti ndinkadziwa za malonda ndipo sindinamuchenjeze. Amati ndikungomutonthoza. M'maganizo mwake, anamva molakwa phunziro, ndipo mwana wopusa chotero alibe malo m'kalasi. Mawu anga sakumukwanira, chifukwa chinthucho sanachimve kwa ine. Anachimva kusukulu, ndipo ndi sukulu yokha imene ingamuuze kuti sanalakwe. Mwanayu ankafuna unamwino. Chaka chamawa anayenera kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo teremu ikupita.

Inu makolo anzanga, makamaka inu a m'makomiti, matabuleti akabwera musangoombera m'manja. Khalani pansi muonere phunziro limodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Mukaona malonda ngakhale amodzi, funsani kuti azimitsidwa liti komanso ndi ndani, ndipo musachoke ndi lonjezo la pakamwa. Njira yake ilipo, ndaiona ndi maso anga. Pamene mukudikira, auzeni ana anu poyera kuti m'kawindo momwe muli aphunzitsi mungathenso kulowa wakuba, ndipo sabwera ndi nyimbo nthawi zonse. Musachite ngati ine, kusunga chenjezo ngati chinsinsi cha akuluakulu. Ndipo wodwala wanu asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha munthu wa pa foni, ngakhale atavala choyera chotani. Pitani mukafunse amene amamupima.

Tsopano ndikutembenukira kwa ahedi a sukulu imene ikudzidziwa, ndi kwa akuluakulu a bungwe limene linabweretsa tsambali. Sindikupempha chipukuta misozi, ndipo sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, pa pepala la ofesi yanu, losainidwa ndi kudindidwa, zinthu izi: kuti madandaulo anga munawalandira, kuti bambo wa chijasi choyera uja sanali mbali ya phunziro, ndiponso kuti malondawo anaonekera pa tsamba lanu chifukwa akuluakulu sanawatseke, osati chifukwa mwana sanamve. Ndikupemphanso kuti yankho limeneli liwerengedwe pa asembule, ana onse a Fomu 3 akumva, ndipo mphunzitsi wa bayoloje abwere nalo yekha pakhomo pano adzamuwerengere Takondwa. Ndikupempha kuti izi zichitike teremu ino isanathe, malo ake m'kalasi asanafufutidwe.