Lilime la Lutgard

Gerolf Wauters anabadwira m'banja lofulula mowa wowawasa, kumudzi wina kumadzulo kwa Brussels. Kufulula kokhako si nkhani, luso lagona pa kusakaniza. Mowawo umagona m'migolo yamatabwa, wina chaka, wina zaka zingapo, ndiye pamafunika munthu wolawa mgolo uliwonse n'kugamula kuti wakalewu uphatikizidwe ndi watsopano uti. Pabanja, lilime lolamula limakhala limodzi basi.

Poti ndiye anali chisamba, Gerolf ankangoti udindowo ndi wake. Koma tsiku lina bambo awo anapereka tambula imodzi kwa iye ndi mlongo wake wamng'ono, Lutgard. Gerolf anamwa nati, "Uli bwino." Lutgard ananunkhiza kaye, nanyambita milomo.

"Ukumveka maapozi oyamba kuvunda, bambo. Komanso ngati khola la akavalo."

Bambowo anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo Lutgard anakhala wolawa, Gerolf wogubuduza migolo.

Nsanje inamudya mwamunayo mpaka imvi. Wolawa sasuta, ndipo m'mawa wa tsiku lolawa sakhudza khofi kapena anyezi. Gerolf anasunga malamulo onsewa popanda womutuma, namalawa migolo mobisa ngati wakuba m'nyumba ya bambo ake omwe. Lilime lake linachenjera ndithu, kungoti panalibe wolifunsa. Anthu akakumana naye pamsewu ankati, "Kodi mlongo wanu watikonzera zotani chaka chino?" Iye ankamwetulira, koma mumtima muli moto.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nyengo ina yachisanu Lutgard anagwidwa ndi chimfine choopsa. Chimfinecho chinatha, koma mphuno sinabwerere mwakale. Itakwana nthawi yosakaniza, anaitanira mchimwene wake m'chipinda cha migolo natseka chitseko.

"Achimwene, tandilawireni uwu."

"Iwe? Kufunsa ine? Lero kugwa mvula ya mchere."

"Musandiseke. Ndikungomva kuwawasa basi. Khofi ali ngati madzi otentha owawa, tchizi ngati sopo wamchere."

Dokotala anali atamufotokozera Lutgard kuti lilime palokha ndi mbuli. Limangodziwa kutsekemera, mchere, kuwawa, kuwawasa ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama. Zina zonsezo, maapozi ndi akavalo omwe, ndi fungo limene limakwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno munthu akamameza.

Tisanamizane, Gerolf anakondwa. Chisoni chinabwera ndithu, koma mochedwa. Anasakaniza mowa wa chaka chimenecho yekha, mtima uli m'malere, Lutgard atakhala pambali. Awiriwo anagwirizana kuti asauze munthu mpaka anthu atalawa. Chimene Gerolf ankafuna chinali chimodzi: kumva kamodzi kokha anthu akuyamikira lilime lake, asanalowe m'manda.

Mwambo wa pamudzipo ndi woti botolo loyamba amalitsegulira ku bala yomwera mowa, Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi. Woyamba kumwa amakhala mkulu wa onse, ndipo chaka chimenecho anali a Fons, amene anamwapo mowa wa banjali kuyambira nthawi ya agogo ake a Gerolf. Anakweza tambula, nanunkhiza, nameza pang'onopang'ono.

"Amangwetu! Uwu ndiye mowa. Lutgard, mwana wanga, chibadwire sunakonzepo wotere."

Bala yonse inavomera, ena akumenya matebulo. Gerolf anatuluka thukuta. Mayamiko ake omwe, ndipo akupitanso kwa yemwe uja! Lutgard anamuona, naimirira.

"Pepani nonse, si ine. Mphuno yanga inafa m'chisanu muja. Wasakaniza mowa umenewu ndi achimwene anga."

Gerolf anawongola msana, kudikira.

A Fons anayang'ana tambula yawo ngati yawanamiza. Anamwanso, nazunguza mowawo m'kamwa nthawi yaitali.

"Ehe, n'chifukwa chake. Ndimamva ine kuti kumapetoku ukukanda kukhosi."

"Inenso ndinamva," anatero mayi wogulitsa buledi, yemwe uja amamenya tebulo. "Wawawasa mopitirira. Koma wayesetsa Gerolf, poti ndi koyamba."

"Ndi botolo lomwelo, a Fons!" Gerolf anakalipa. "Tambula yomweyo!"

"Usapse mtima, mnyamata. Lilime sasula, amabadwa nalo."

Mnyamata, munthu wa imvi mbuu! Anthu anazungulira Lutgard n'kumamupepesa, wina akumuuza za mankhwala, wina akumulonjeza kuti mphuno ibwerera chaka chamawa. Ngakhale kudwala kwake anthu anakukonda kuposa luso la mchimwene wake.

Gerolf anatsala yekha pakona, botolo lili patsogolo pake. Anathira mowa umene anaudziwa mgolo ndi mgolo, umene dzulo lomweli unali wokoma kuposa chilichonse chimene anaikapo m'kamwa. Ananunkhiza, namwa. Kumapeto kwake unamukanda kukhosi.