A Yeremiya ndi Mikisa ya ku Lilongwe

A Yeremiya Zilole a ku Mphunzi ndi mlimi wa kachewere, koma anthu amawadziwa ndi mawaya. Anaphunzira kukonza mawailesi pa Linthipe, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri akhala akuyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwawo.

Mantha awo anayamba mu 2019 pamaliro a apongozi awo. Analumikiza mikisa yobwereka, chipangizo chosakanizira mawu a maikolofoni, ku ampulifaya yokuzira mawuwo osayamba ayesa. Masipika analira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, utsi unafuka, ndipo mlamu wawo anakomoka pambali pa bokosi. Chiyambire tsikulo, amaopa kugwira chipangizo chachilendo.

Chaka chatha mwana wa m'mudzimo, bambo Alufeo, anadzozedwa unsembe nabwera kudzachita Misa yawo yoyamba kwawo. M'mawa wa tsikulo mayi Elena, wapampando wa kwaya, anatulukira ndi mikisa yatsopano ya ku Lilongwe.

"Lero tiimbira iyi, a Zilole. Yakale ija yatopa."

A Yeremiya anawerenga zolembedwa kumbuyo kwake. Mikisayo imatulutsa mphamvu yoposa volti imodzi, pamene ampulifaya yawo yokalambayo imakhuta ndi kagawo kochepa chabe ka volti.

"Mayi, iyi ikankha mphamvu kanayi kuposa imene ampulifaya ingameze. Masipika apsa."

"Mungochepetsa volyumu basi."

"Nanga wina akakhudza batani nyimbo ili pakati?"

"Anthu achokera ku Kabwazi konse kuja," anatero mayi Elena. "Musatichititse manyazi."

Kunali chisanu, koma malaya a a Yeremiya ananyowa ndi thukuta. Anatenga waya wa mikisayo, napalasa njinga kupita kunyumba, naphwasula wailesi yakufa, nachotsamo tizipangizo tiwiri totchedwa marizisita, timene timachepetsa mphamvu yamagetsi. Koyamba kanawapulumuka n'kugwera m'fumbi, moti anakafufuza chogwada, akupemphera chamumtima. Anatenthetsa chitsulo pambaula n'kutiwotcherera pa waya wochoka ku mikisa.

Anabwerera ansembe atandanda kale pakhomo. Nthawi yoyesera panalibe. Analumikiza, nakhala pansi maso ali pa kagetsi kofiira ka ampulifaya, kamene kamayaka mphamvu ikasefukira.

Nyimbo yolowera inadutsa bwino. Koma pa Ulemu kwa Mulungu kwaya inakweza mawu, amayi anaimba nthungululu pafupi ndi maikolofoni, ndipo kagetsi kaja kanaphethira. A Yeremiya anagwira pulagi kuti azule, mphuno zikufunafuna fungo la kupsa. Kagetsiko kanazima. Sikanayakenso, koma dzanja lawo silinachoke papulagipo mpaka dalitso lomaliza.

Anthu akutuluka, bambo Alufeo anabwera kudzawagwira chanza.

"Mawu amamveka mpaka kumsewu, a Zilole. Nanga ulaliki mwauona bwanji?"

"Pepani bambo," anayankha a Yeremiya, "sindinamveko ngakhale liwu limodzi."

Wansembeyo anaseka kwambiri. A Yeremiya anakulunga mawaya awo, nakana chakudya chapaphwando, nakankha njinga mpaka kwawo, chifukwa miyendo inalibe mphamvu zopalasira.