Ventuinya Yomwe Inafulatira Alendo

Ndikukumbukira fungo la mafuta a makina osokera atasakanikirana ndi fumbi la Okutobala. Kumudzi kwathu, pafupi ndi Cassacatiza kumalire a Zambia, fungo limenelo linkatanthauza kuti tsiku lotsuka ventuinya lafika.

Ventuinyayo inali chokupizira mphepo cha mapiko atatu, chachikulu ngati mbale, choyendera bateriya ya galimoto. Atate anaipeza kwa dalaivala wina wopita ku Zambia, posinthana ndi atambala awiri, ndipo m'mudzi monse munalibenso ina. Nyumba yathu inali ya malata, moti dzuwa likafika pamutu munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Miyezi yozizira ventuinya inkagona itakulungidwa m'chitenje, mbaula n'kumalamulira. Kutentha kukayamba, mbaula tinkaikutumula phulusa n'kuipachika, mnzakeyo n'kudzuka.

Ntchito yoisamala inali ya achimwene anga, a Zeca. Chaka chimenecho, ndili ndi zaka khumi, ndinaganiza zogula udindowo. Ndinayamba ndi mbewa zitatu zofutsa. Iwo anati akufuna legeni yanga. Ndinanyamuka ngati ndikuchoka, monga ndinkaonera amayi akunenerera tomato pamsika, koma a Zeca sanandiitane. Ndinabwerera ndekha, n'kupereka legeni ndi mbewa zomwe. Lero ndimadzitama kuti palibe wondiposa pa malonda, koma malonda anga oyamba ndinalipira kuti ndigwire ntchito ya munthu wina.

Atate anavomera, koma anaika lamulo: ikangolakwika m'manja mwanga, sindidzaikhudzanso mpaka nditamera ndevu. Tsikulonso silinali wamba. Masana kunkabwera ankhoswe a mnyamata wofunsira alongo anga, a Rozaria, ndipo atate anali atalengeza kale kutchalitchi kuti alendo awo sadzatuluka thukuta.

Ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango. Ndinamasula kachitsulo kotchinga kutsogolo, n'kupukuta mapiko limodzi limodzi mpaka anawala. Fumbi lam'kati ndinalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Ndinadontheza mafuta pamtima pake, dontho limodzi monga mwa lamulo, kenako lina la ufulu wanga. Anzanga anali atandizungulira, ine ndikuwaletsa kupuma pafupi. Pomaliza ndinapala nsonga za mawaya ake awiri opita kubateriya ndi mpeni. Pa waya umodzi panali kaulusi kakuda bii, konona ndi litsiro. Ndinadabwa kuti a Zeca zaka zonsezi ankasiya bwanji nyansi yoteroyo. Ndinakadula n'kukataya.

Bateriya inachedwa kuchigayo komwe inkadzazidwa moto. Inafika panjinga alendo atakhala kale pamipando, choncho mpata woyesera panalibe. Ndinalowa chowerama, ventuinya ili m'manja ngati mwana wopita ku ubatizo. Ndinaiika patebulo moyang'anizana ndi amalume a mnyamatayo, bambo wamkulu amene anavala jekete lakuda m'kutentha konseko. Ndinagwada, n'kulumikiza mawaya.

Inalira bwino kuposa kale. Mapiko anazungulira mpaka osaoneka. Ndinayang'ana a Zeca pakhomo kuti aone mmene akatswiri amachitira. Koma thukuta pamphumi pa mlendoyo linkangotsika, nthenga ya pachipewa cha mayi amene anali pambali pake osagwedezeka n'komwe. Chomwe chinkavina chinali kalendala wa parishi kukhoma lakumbuyo. Mphepo yonse inkapita kwa oyera mtima a pachithunzi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kaulusi kaja kanali chizindikiro cha waya wopita kumutu wofiira wa bateriya. Ndinali nditasemphanitsa, ndipo makina ankazungulira chobwerera.

Atate anandiyang'ana ndi diso limene ndinkalidziwa bwino. Kumasula mawaya pamaso pa alendo kukanakhala kuulula mlandu. Ndinangogwira ventuinya n'kuitembenuza, nkhope kukhoma, msana kwa alendo. Kamphepo kanafika pa jekete lija.

Mkuluyo anaiyang'anitsitsa, kenako anayang'ana ine. “Iwe mwana, chinthuchi tachilakwira chiyani kuti chitifulatire?”

Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize. “Chili ndi mwambo, bambo. Chaona apongozi.”

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo. Anatembenukira kwa mphwake, mkamwini wathu wam'tsogolo amene anabwera nawo, n'kumuuza kuti aphunzirepo, chifukwa akulowa m'banja limene ngakhale zitsulo zimadziwa kupatuka panjira zikakumana ndi apongozi. Mnyamatayo anazolika, amayi kukhitchini akuseka m'chitenje. Atate anakweza mapewa ngati anachita kuiphunzitsa okha. Nkhani ya ukwati inayenda bwino, ventuinya ili chifulatire mpaka alendo anatsanzika.

Madzulo atate anandiitana. Ndinapita nditavala makabudula awiri, poyembekezera mkwapulo. Iwo anangosinthanitsa mawaya, mphepo n'kubwerera kutsogolo, kenako anandipatsa ulusi watsopano kuti ndimange ndekha.

“Lero wapulumukira pakamwa,” anatero. “Chaka chamawa upulumukire m'manja.”

Kabotolo ka mafuta kanakhala kanga kuyambira pamenepo.

Masiku ano ventuinya ndimagulitsa ndine, pabenchi langa kumsika, pamodzi ndi timagetsi ta dzuwa. Zili ndi pulagi yosatheka kusemphanitsa, ndipo palibe amene amasonkhanitsa ana kuti aonerere akuzitsuka. Zikadzaza fumbi eni ake amabwera kudzagula zina, ine osadandaula. Akamwini nawonso anasintha. Dzulo lomweli wina anaima pabenchi panga ndi njinga yamoto, apongozi ake aakazi ali kumbuyo atamugwira m'chiuno. Ndinawauza nkhaniyi kuti mwina mtengo ukwereko pang'ono. Anaseka onse awiri, n'kundinenererabe mpaka ndinatsitsa.