Mphini za Atsibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene atsibweni anga, a Ngozo, anagamula kuti ndidzakhala msilikali. Sanandifunse, ndipo kwathu ku Mphunzi mwana safunsidwa zoterezi. Anandiona tsiku lina ndikuthamangitsa mbuzi imene inadula chingwe n'kulunjika kudimba la eni ake. Ndinaigwira isanalume ngakhale tsamba limodzi la kabichi. Iwo anaima pachulu n'kumandiyang'ana miyendo monga mmene munthu amayang'anira ng'ombe pamsika. Madzulo ake anauza amayi kuti, "Mlongo wanga, mwana uyu si wa khasu. Undisiyire ine."

Bambo anga anapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya ndili wakhanda, osabwereranso, choncho mawu omaliza pakhomo pathu anali a atsibweniwo, eni mbumba. Munda wathu unali kachigawo kamiyala m'mbali mwa phiri, ndipo chimanga chake chinkatha mvula isanagwe. Tonse tinkadziwa kuti ine ndikapanda kuchoka pamudzi, tidzakalamba tikugawana njala yomweyo. Usilikali ndiwo unali ntchito imene mwana wa mayi wosauka akanatha kuipeza ndi miyendo yake, popanda womudziwa m'maofesi.

Atsibweni anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala. Ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Phiri la Dedza, ndipo ankanunkha utomoni ndi fodya wopichira. Pazikondwerero ankavina ngoma atanyamula chishango, n'kumatikumbutsa kuti magazi athu ndi a anthu ankhondo amene anachokera kum'mwera. Chinkaseketsa anthu n'chakuti ngakhale povina ankavala buluku pansi pa zikopa, anzawo ali miyendo pamtunda. Kunkamvekanso manong'onong'o akuti ali mnyamata anakayesapo usilikali n'kubwezedwa, koma palibe amene ankayerekeza kuwafunsa.

Maphunziro anayamba m'mawa wotsatira. Amene anagonapo ku Dedza mwezi wa Juni akudziwa kuzizira kumene ndikunena, kuja kolowa m'mano. Atsibweni ankagogoda pachitseko nkhungu isanachoke, ine n'kutuluka wopanda nsapato, mame akuluma zala. Ndinkakwera phiri mothamanga mpaka pamatanthwe aja olembedwa ndi anthu akale, n'kutsika, n'kukweranso. Iwo ankandidikira m'munsi atafunda chikhoti, m'manja muli kamkwapulo ka mtengo wa pichesi. Ndikafika ndikupuma mwawefuwefu, ankangoti, "Msilikali satsegula pakamwa ngati galu. Bwerera."

Sikunali kuthamanga kokha. Ankandilendeweretsa panthambi ya mpichesi womwewo kuti ndizidzikoka mpaka chibwano chipitirire nthambi. Ankandigoneka chafufumimba pabwalo kuti ndizidzikankha ndi manja, ndipo mimba ikakhudza dothi, mkwapulo unkatera pamsana. Ankandidumphitsa ngati chule kuzungulira khola, ana anzanga akuseka ali pampanda. Patchuthi ndinkapita nawo kunkhalango kukasenza matabwa aawisi kutsika nawo kumsewu, ndipo nthawi yokumba mbatata ya kachewere, matumba a mudzi wonse ankadutsa pamsana panga. Kusukulu ndinkasinza, aphunzitsi n'kumandikwapula, ndikafika kunyumba atsibweni n'kuonjezera chifukwa choti ndakwapulidwa.

Ndisaname, ndinafika poikonda ntchitoyo. Thupi linalimba, phiri linafupika. Anyamata amene ankandiseka aja anayamba kunditsatira m'mawa, koma ankathera panjira atagwira m'nthiti. Mmodzi yekha, Yakobe, mnzanga wa kutchalitchi, ndiye anapirira, ngakhale kuti sanandipitirirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikafika pamwamba ndinkaona midzi yonse ili pansi, utsi ukutuluka m'madenga a udzu, ndipo ndinkasankhiratu pamene ndidzamangire amayi nyumba ya malata. Ndinkadziona nditavala yunifolomu, ndikutsika basi pamsewu, anthu akundilandira chikwama.

Zaka zinayi zinatha choncho. Nditangomaliza Folomu 4, wailesi inalengeza kuti asilikali abwera kuboma kudzalemba achinyamata, ndipo mayeso oyamba adzakhala othamanga. Amayi anayamba kundipempherera kolona tsiku lililonse. Ine sindinkaopa kanthu. Miyendo yanga ndinkaidziwa.

Kutatsala masiku owerengeka, masana ena amayi atapita kumapemphero a kumphakati, atsibweni anandiitanira kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinawapeza atakhala pamtondo wogoneka, pambali pawo pali kabotolo ka zinthu zakuda ndi lezala imene ankametera ndevu. M'mphepete mwa lezalayo munali dzimbiri.

"Khala pansi, Damiyano. Tambasula miyendo."

Ndinadziwa kuti akufuna kunditemera mphini. Mwana aliyense wa kwathu amazidziwa: amakucheka timizere pakhungu n'kutikitiramo mankhwala.

"Atsibweni, inetu ndikuthamanga bwino kale," ndinatero maso ali pansi.

"Ukuthamanga bwino kuno, pakati pa mbuzi. Kumeneko kukabwera ana a anthu okhwima. Ukuganiza kuti akabwera chimanjamanja? M'botolomu muli mtsempha wa gwape, ndawotcha ndekha n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi. Tambasula."

Ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula kawiri, mwana asayankhenso, ndipo awa anali munthu amene anadzuka nane m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi. Ndinatambasula miyendo. Anayamba m'mawondo, n'kutsikira m'akakolo. Sanali kukanda pamwamba ayi, ankasindikiza lezala mpaka ndinkamva ikukukuta. Atafika kuseri kwa kakolo wakumanzere, pamtsempha waukulu uja wa pamwamba pa chidendene, anacheka mozama kwambiri moti magazi anayenderera mpaka padothi. Anatikitiramo zakudazo ndi chala chachikulu, n'kundilamula kuti ndisasambe miyendo mpaka mayeso atatha, ndiponso kuti amayi asadziwe.

Amayi anadziwa ndi fungo. Pofika tsiku lachitatu akakolo anali atatupa, zilonda zikutuluka mafinya, ndipo thupi linkatentha. Anandivula masokosi mokakamiza, anayang'ana, kenako anapita kwa mchimwene wawo.

"Achimwene, mwamuchita chiyani mwanayu?"

"Akugwira ntchito mankhwalawo. Kutupako ndiye kulowa kwake."

"Ndimutengere kuchipatala."

"Ukamutengera kumeneko akatsuka zonse. Iwe zako ndi za kolona, izi uzisiye."

Amayi analira, koma kuchipatala sitinapite. Nawonso analeredwa chimodzimodzi.

Tsiku la mayeso, bwalo la kuboma linadzaza achinyamata ochokera m'midzi yonse, ena atagona pakhonde la sitolo kuti asachedwe. Anativula malaya, n'kutiika m'magulu. Ine ndinali nditamanga akakolo ndi nsanza, n'kuvala masokosi aatali pamwamba. Wezulo italira, ndinaiwala zonse. Phazi lililonse likagunda pansi ndinkamva ngati ndaponda khala la moto, koma thupi linkadziwa ntchito yake. Ana a anthu okhwima aja ndinawasiya mmodzimmodzi, ena akusanza m'mbali mwa msewu. Ndinafika m'gulu la oyambirira, ndipo msilikali wina anandilemba chizindikiro pachifuwa n'kundimenya paphewa. Yakobe anafika pambuyo, ali pafupi kukomoka, koma nayenso analembedwa. Kunja kwa mpanda ndinaona atsibweni akuvina okha, chipewa chili m'manja.

Kenako anatilowetsa mutenti kuti atiyeze m'thupi. Anati tivule zonse. Woyeza anali bambo wachikulire wa magalasi, wosakonda zolankhula. Anandiyang'ana m'maso, m'kamwa, m'manja, n'kumagwedeza mutu movomereza. Atafika kumiyendo anati, "Masokosinso." Nsanza zinali zitamatirira, ndipo pozimatula zinachoka ndi khungu. Fungo linadzaza mutenti monse, mnyamata amene anali pambali panga n'kusuntha.

Bamboyo anagwada, anadina pamene panatupa, n'kundiyang'ana kumaso.

"Anakuchita ndani zimenezi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Wathamanga ndi miyendo imeneyi, n'kufika nawo oyamba?" Anapukusa mutu. "Mwana wanga, unalibe chifukwa. Sitingakutenge ndi zilonda zotere. Pita kuchipatala lero lomwe, usadikire mawa."

Anatenga kansalu konyowa n'kufufuta chizindikiro chija pachifuwa panga. Mpaka lero ndimakumbukira kuzizira kwa kansaluko.

Kuchipatala ndinagonako nthawi yaitali. Mawondo anapola, kakolo wakumanja anapola, koma wakumanzere uja matenda anali atalowa mumtsempha. Anachita kupala, ndipo popola mtsemphawo unakungika. Kuyambira pamenepo chidendene changa sichifika pansi bwino, ndimayenda motsimphina. Asilikali anabweranso zaka zina kudzalemba anthu, koma ine ndinkangomvera pawailesi. Yakobe, amene sanandipitirirepo ngakhale kamodzi, anapita. Nyumba ya malata inamangidwa m'mudzi mwathu, koma ya amayi ake. Amayi anga anamwalira denga lawo likudontha.

Atsibweni sanapepese. Ankauza anthu pamowa kuti alipo wina m'mudzi amene anachita kaduka n'kuwononga mankhwala awo, ndipo anasiya kulankhulana ndi mabanja awiri chifukwa cha nkhani imeneyi. Ine ndinachoka pamudzi n'kukaphunzira utelala kuboma. Ndimasoka pakhonde la sitolo, ndikupalasa makina ndi phazi limodzi.

Patapita zaka zambiri anadwala matenda oumitsa ziwalo mbali imodzi. Ana awo anali kutali, ndipo ntchito yowasambitsa inagwera ine, mwana wa mlongo wawo. Tsiku loyamba ndinawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, padzuwa, beseni la madzi ofunda lili pambali. Nditawavula buluku, ndinaima ndi sopo m'manja. M'mawondo ndi m'akakolo mwawo munali timizere takuda, tondondozana, pamalo omwewo pamene pali tanga.

"Atsibweni, izi n'chiyani?"

Anayang'ana miyendo yawo ngati ya munthu wina. Pakamwa pawo panali patapotoka, koma mawu anamveka.

"Anandichita ndi agogo ako, popita kumayeso."

"Ndiye anakubwezani chifukwa chiyani?"

"Adokotala anati zilonda." Anapuma kaye. "Koma ankangonamizira. Ine anangondikanda pamwamba, mankhwala sanalowe. Akanalowa, zilondazo sakanaziona n'komwe. N'chifukwa chake iwe ndinasindikiza, ndinkafuna kuti zako zikwanire."

Anatero akundiyang'ana ndi maso achifundo, monga munthu amene anachita zonse zimene akanatha. Ankadziwa. Anaimapo mutenti ngati momwe ndinaimamo ine, anamva mawu omwewo, anabisa miyendo yawo m'buluku moyo wawo wonse, ndipo chimene anatolapo n'chakuti lezala inachepa. Ndinafuna kuwasiya pampando pomwepo kuti madzi awazizirire. Sindinatero. Ndinawasambitsa mpaka kumapazi, ndinawapukuta, ndinawaveka, ndipo ndinapitiriza kutero mpaka tsiku limene anatisiya. Anthu ankandiyamikira kuti ndine mwana wokhululuka. Sindinawakhululukire ayi, ndinkangowasambitsa.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene analili iwo tsiku lija kuseri kwa khola, ndipo ndikumvetsa zimene sindinkamvetsa. Atsibweni sankandida. Ankandikonda kwambiri, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa, chifukwa mdani ndikanamuthawa. Anamanga miyendo yanga ndi manja awo kwa zaka zinayi, koma sanakhulupirire kuti thukuta lokha lingakwanire mwana wa mphawi. Ndipo ulemu umene anatiphunzitsa, woti mwana aziyang'ana pansi, ndi umene unatseka pakamwa panga ndi pa amayi pamene mawu amodzi okha akanapulumutsa mwendo.

Ndili ndi mwana wamkazi, Agnesi, ndipo miyendo yake ndi yanga ija. Kusukulu kwawo palibe womupeza pa mpikisano, ndipo wayamba kale kunena za usilikali. Ndinamukhazika pansi tsiku lina, ndinavula nsapato, n'kumuonetsa chidendene changa. Ndinamuuza kuti munthu aliyense akadzamuuza kuti atambasule miyendo, kaya ndi atsibweni ake, kaya ndine ndemwe, adzafunse chifukwa chake akumuyang'ana m'maso, ndipo yankho likapanda kumveka adzadzuke n'kuthawa. Achibale ena akuti ndikulera mwana wamwano. Anene zimenezo. Iye akamakwera phiri m'mawa, ine ndimaima m'munsi ndi ndodo yanga yoyendera, ndipo akatsika ndimayamba ndamuyang'ana m'akakolo.